Kuchepetsa Google ndi Meta pa foni ya itel: zomwe zatheka kuno ku Mangochi ndi zomwe zandikanika

Pa kabenchi kanga pafupi ndi msika wa pa Boma pomwe ndimatayipa makalata, kupanga fotokope komanso kukonzera anthu tinthu ta m'mafoni, funso lomwe ndimafunsa pafupifupi tsiku lililonse ndi lakuti "pasiwedi ya imelo yanu ndi chani bambo?" ndipo yankho limakhala lomwelomwelo: "aaa achimwene, imeneyo anandipangira mnyamata amene anandigulitsa foniyo." Basi. Munthu manambala a makasitomala ake onse a usipa kuyambira ku Makawa mpaka ku Limbe ali mmenemo, zithunzi za ukwati zili mmenemo, chithunzi cha chiphaso cha unzika chili mmenemo, koma kiyi wake ali ndi mnyamata wina amene mwina anakwera basi ya ku Joni chaka chatha.

Nde ine nditayamba kuwerenga nkhani zoti tichepetse kudalira makampani akuluakuluwa, Google, Meta (eni ake a Facebook ndi WhatsApp), Microsoft, ndinkaseka kaye. Malangizo ambiri amalemba anthu oti data kwawo sivuto. Amati gulani foni ya Pixel muikemo GrapheneOS, pulogalamu yoyendetsa foni yonse yomwe imalowa mmalo mwa Android ya Google. Zoona GrapheneOS ndi yolimba pa chitetezo koma imalowa m'mafoni a Pixel okha, pomwe kuno m'matumba mwathu muli itel, Tecno, Infinix ndi ma Samsung otsika omwe abale amatitumizira. Ngakhale inzake ya LineageOS, yomwe imalowa m'mafoni ambiri, mukayang'ana mndandanda wake mafoni athuwa simuwapeza kawirikawiri. Choncho njira yosiyiratu Google yense pa foni ine ndinaiika pambali tsiku loyamba lomwe. Zomwe ndikuyerekeza pano ndi zoti munthu atha kusintha foni ili yomweyo, bandulo ili yomweyo.

Mawu oti open source asakuopseni. Tanthauzo lake ndi lakuti mmene pulogalamuyo inalembedwera zili poyera, aliyense wodziwa atha kutsegula nkuona ngati ikutumiza zinthu zanu kwinakwake mobisa. Zili ngati kugula chambo chomwe mwachiona akuchitsitsa m'bwato kusiyana ndi chomwe akupatsani chokulunga kale mu nyuzi nkumati khulupirirani ncha lero. Inuyo mwina simudziwa kuyang'ana makha a nsomba, koma poti zili poyera odziwawo amakuwa akaona chovunda. Ndipo si zachilendo kuno, DHIS2 yomwe a zaumoyo amalowetsamo malipoti a zipatala ndi open source, inachokera ku yunivesite ya Oslo.

Ndiyambe ndi chovuta kwambiri, WhatsApp, chifukwa ndi pomwe aliyense amathamangira kufunsa.

Facebook inagula WhatsApp mu 2014 pa ndalama pafupifupi madola 19 biliyoni, ndipo kampani yonseyo inasintha dzina kukhala Meta mu 2021. Kunena chilungamo mameseji anu a pa WhatsApp ndi otsekedwa, kuyambira 2016 amagwiritsa ntchito njira yotsekera yomwe anapanga a Signal, apu ina yochezera, moti zomwe mwalemba a Meta sawerenga. Chomwe amaona ndi zozungulira: nambala yanu, manambala a m'foni mwanu mukawalola, mtundu wa foni, nthawi yomwe muli pa intaneti, magulupu omwe mulimo. Wina anganene kuti zimenezo nzazing'ono koma taganizani munthu amene sanamve zomwe munayankhula koma akudziwa kuti usiku uliwonse cha m'ma 11 mumaimbira nambala yakutiyakuti, ameneyo nkhani waidziwa kale theka.

Signal ndi yomwe ili bwino kwambiri pa chinsinsi, apa palibe mtsutso. Imayendetsedwa ndi bungwe losapanga phindu lomwe linakhazikitsidwa mu 2018, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa ndi Brian Acton, yemwe anali mmodzi mwa eni ake a WhatsApp asanaigulitse. Akhoti ku America atawalamula kuti apereke zomwe akudziwa za munthu wina, zomwe anali nazo zinali tsiku lomwe munthuyo anatsegula akaunti ndi tsiku lomaliza kulumikizidwa, basi. Kagwiritsidwe kake nkofanana ndi WhatsApp, ma voice note alipo, kuimba kulipo, magulupu alipo, ndipo kuyambira 2024 mutha kupatsa munthu dzina lolowera mmalo mwa nambala yanu, ngakhale potsegula akaunti nambala imafunikabe.

Telegram anthu ambiri amaiyesa yachinsinsi kuposa WhatsApp koma apa mpomwe timanamizana. Macheza wamba a pa Telegram komanso magulupu onse satsekedwa mpaka kumapeto, amasungidwa pa makina a kampaniyo, otsekedwa ndi a secret chat okha omwe muyenera kuwatsegula dala ndipo ndi a anthu awiri basi. Ubwino wake ndi wina: gulupu imatha kufika anthu 200,000, mafayilo akuluakulu mpaka 2GB amadutsa, foni ikagwera m'madzi mukalowa pa ina zonse mumazipeza. Kwa ana asukulu ogawana manotsi ndi mapepala akale a mayeso ndi yabwino ndithu. Koma ngati cholinga ndi chinsinsi, kuchoka pa WhatsApp kupita pa Telegram ndi kuthawa mvula nkukabisala m'nyanja.

Tsopano vuto lenileni ndi ili. Ma netiweki athu, Airtel ndi TNM, amagulitsa mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook paokha, pomwe Signal imadya data wamba. Mayi anga ku Namwera amagula kabandulo ka WhatsApp kuti azimva mawu a achimwene anga omwe ali ku Johannesburg, ndinawaikira Signal ndipo patatha sabata anandiimbira, "iwe mwanawe, chabuluu chija sichikuyenda, wandionongera foni kapena?" Sichinali kuyenda chifukwa bandulo yawo siyichidziwa. Onjezani kuti gulupu ya kumzikiti kapena kutchalitchi, ya banki mkhonde, ya makolo a kusukulu, ya maliro, ogula nsomba, onse ali pa WhatsApp. Apu yochezera ilibe ntchito ngati anthu ako kulibeko.

Nde chomwe ndinachita ine ndi kusunga zonse ziwiri. Signal ndi ya anthu ochepa omwe timakambirana za ndalama ndi zapabanja, WhatsApp ndi ya dziko lonse, koma ndinaimanga zitseko. Ikani PIN ya manambala 6 ija ya two-step verification, chifukwa akuba ma akaunti amangofuna muwatumizire kodi yomwe yabwera pa SMS kenako ayambe kupempha ndalama abale anu m'dzina lanu. Ndipo ngati mumasunga bakapu ku Google Drive dziwani kuti imeneyo siyitsekedwa yokha, muyenera kulowa mu settings nkuyatsa end-to-end encrypted backup, inabwera mu 2021 koma anthu ambiri sanaigwirepo.

Zosavuta zili kwina, ndipo ndi zomwe ndimauza anthu kuti ayambire chifukwa phindu lake umaliona pa bandulo sabata yomweyo.

Choyamba bulawuza, apu yotsegulira masamba a pa intaneti. Chrome ya pa Android siyilola kuika zotchinga malonda. Firefox imalola, mumaikamo kachinthu kotchedwa uBlock Origin ndipo masamba a nkhani aja odzadza ndi zotsatsa za kubetcha amatseguka opepuka, data imapita yochepa chifukwa zithunzi ndi mavidiyo a malondawo sakudawunilodedwa nkomwe. Brave imabwera ndi chotchingacho kale, simuvutika kuika kanthu, ndipo pa foni ya RAM yochepa ine ndimaona kuti imathamangako kuposa Firefox. Zoipa zake: Brave inamangidwa pa Chromium, maziko a Chrome, yomwe ndi ya Google yomweyo ndipo ili ndi tinthu ta crypto tomwe muyenera kuzimitsa, pomwe Firefox ili ndi injini yakeyake koma ndalama zambiri za Mozilla, eni ake a Firefox, zimachokera kwa Google yemweyo chifukwa cha mgwirizano wa zofufuzira, ndiye onani mmene ukondewu unakulira. Opera Mini timaikonda chifukwa chosunga data, imatero podutsitsa masambawo pa makina awo kaye nkuwafinya, kutanthauza kuti pomwe mukupita iwo akuona. Ine foni ya RAM ya 2GB ndimaikira Brave, yokulirapo Firefox.

Pofufuza zinthu, DuckDuckGo siyisunga mbiri ya zomwe mwasaka ndipo zotsatira zake zambiri zimachokera ku Bing, chofufuzira cha Microsoft, Startpage ya ku Netherlands imakubweretserani zotsatira za Google koma osakuululani kwa Google. Pa zinthu za kunja zonse zili bho. Pa zinthu za kuno, monga kusaka loji ya ku Cape Maclear kapena nkhani yolembedwa m'Chichewa, Google imapezabe zambiri, nde Startpage ndi yomwe ndimaiona yoyenera ife.

Chachiwiri, kutumizirana nyimbo ndi mafilimu. Aliyense ali ndi Xender kapena SHAREit, ndipo aliyense akudziwa zotsatsa zomwe zimatuluka mmenemo, zina zochititsa manyazi foni ili m'manja mwa apongozi. LocalSend imagwira ntchito yomweyo, mafoni awiri alumikizane pa hotspot imodzi basi, intaneti siyifunika, malonda mulibe, akaunti safunsa, ndipo imayenda pa Android, iPhone, Windows ndi Linux. Pa benchi panga ndi yomwe ndimalandirira ma CV oti ndipulinte. Chovuta nchakuti mnzanuyo nayenso akhale nayo, nde poyamba mumamutumizira kaye apuyo pa Bluetooth.

Ma apu ngati amenewa nyumba yawo ndi F-Droid, sitolo ya ma apu a open source okhaokha yomwe yakhalapo kuyambira 2010. Pa Play Store siyipezeka, mumaitenga pa tsamba lawo la f-droid.org, foni ikuchenjezani kuti mukuika chinthu chochokera kunja, mulole. Koma chonde chizolowezi chimenechi chisafike poika APK (fayilo yoikira apu) iliyonse yomwe mwatumiziridwa pa gulupu, ma WhatsApp osinthidwa aja a GB ndi anzake ndi pomwe anthu amaberedwa. Mu F-Droid muli NewPipe yoonera YouTube popanda malonda ndi popanda akaunti, imatha kuseweretsa mawu okha foni ili m'thumba komanso kusunga vidiyo kuti mudzaonere magetsi akathima. Imafa nthawi zina YouTube ikasintha zinthu, mumadikira masiku angapo akonze. Komanso tinene zoona, oimba athu amapezako kangachepe kudzera m'malonda omwewo, nde ine nyimbo za kuno ndimaonerabe pa YouTube yeniyeni, NewPipe ndi ya maphunziro ndi maulaliki ataliatali.

Mapu ndi pomwe ndinadabwa. Google Maps ili bwino m'tauni, mashopu, mafilling station, ndemanga za malo ogona, zonsezo palibe woiposa. Koma tulukani pa tala mulowe njira za ku Makanjira, Katuli kapena midzi ya kwa Nankumba komwe netiweki imabwera ndi mphepo. Organic Maps ndi OsmAnd zimagwiritsa ntchito OpenStreetMap, mapu omwe anthu wamba akhala akujambula okha kuyambira 2004, mumadawuniloda Malawi yense kamodzi pa wifi kenako GPS imayenda popanda data olo pang'ono. Tinjira tina ta wapansi ndi ta njinga tomwe pa Google palibe mmenemo timapezeka, tina ayi, zimatengera ngati wina anajambulapo. Organic Maps ndi yopepuka komanso yosavuta, ya wakabaza ndi wina aliyense. OsmAnd ili ndi zambiri, mutha kusunga njira yomwe mwayenda nkudzaitsatira, koma mabatani ake ndi ochuluka moti poyamba mutu umazungulira. Ndipo chosangalatsa nchakuti mjigo wa m'mudzi mwanu kapena sukulu ikasowa pa mapupo mutha kuiikapo nokha.

Imelo ndi nkhani ina yofuna kuganiza kaye. Gmail imapereka 15GB yaulere yogawana ndi Drive ndi Photos. Proton Mail ya ku Switzerland, yomwe inayambitsidwa mu 2014 ndi asayansi omwe anakumana ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi, yaulere imafika 1GB. Tuta ya ku Germany, yomwe kale inkatchedwa Tutanota, nayonso 1GB. Awiriwa makalata anu amawasunga otsekedwa moti eni akewo sangawerenge, koma pali misampha itatu yomwe anthu sauzidwa. Mukalembera munthu wa Gmail kalatayo ikafika kwa iye ili m'manja mwa Google basi. Mukaiwala pasiwedi mulibe mawu obwezeretsera omwe anakupatsani potsegula, makalata akale apita, palibe ofesi yokadandaula. Ndipo akaunti yaulere ya Tuta ikakhala miyezi 6 osalowamo imafufutidwa, ya Proton chaka chimodzi, pomwe Google imadikira zaka ziwiri. Kwa munthu amene amatsegula imelo pokhapokha akafunsira ntchito kapena kudikira zotsatira za NCHE, zimenezi nzoopsa kuposa kuonedwa ndi Google. Ine maganizo anga: ngati imelo mumaigwiritsa ntchito sabata iliyonse tsegulani Proton ya zinthu zofunika, banki ndi zikalata, Gmail itsale ya Play Store ndi zolembetsa zachabechabe. Ngati simulowamo kawirikawiri khalani pa Gmail pomwepo koma ikhale yanu, pasiwedi musinthe lero, nambala yobwezeretsera ikhale yanu osati ya wogulitsa foni.

Pa mapasiwedi pomwepa, pali ma apu owasungira: Bitwarden ndi yaulere ndipo imalumikiza foni ndi kompyuta, KeePassDX imasunga zonse mu kafayilo kamodzi kotsekedwa m'foni mwanu osapita kulikonse, koma foni ikabedwa mulibe kope lina zathera pomwepo. Kwa akuluakulu ngati mayi anga ndinasankha njira yachitatu, kope la sukulu lomwe limakhala pansi pa sutikesi limodzi ndi makadi a sikelo. Wakuba wa pa intaneti sangalifikire.

Zithunzi ndiye ndavomereza kuti sindinapeze yankho lokoma. Google Photos inasiya kusunga zopanda malire mwaulere pa 1 June 2021, pano zimadya pa 15GB ija. Kuli Ente ndi Proton Drive zomwe zimatseka zithunzi zanu, koma malo aulere ndi ochepa ndipo kukweza mavidiyo a chinkhoswe pa data wamba ndi kuotcha ndalama. Ena amati dziikireni seva yanu ya Nextcloud kunyumba, kompyuta yosungira mafayilo yomwe imakhala yoyaka nthawi zonse, ine ndimangoti abwere adzaone mmene magetsi amachitira kuno mwezi wa October kukutentha. Chomwe ndimachita ndi kukopera pa laputopu ndi LocalSend mwezi uliwonse, kenako pa fulashi yomwe imakhala kwa achemwali anga ku Mpondasi. Memore khadi yokha musaidalire, ndinagulapo ina pamsika yolembedwa 64GB yomwe itadzadza pang'ono zithunzi zinayamba kusanduka zotuwa, za mwana wanga ali wakhanda zinapita choncho.

Kompyuta ndiye mbali yomwe ndimaidziwa bwino chifukwa ndi pomwe ndimadyera. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo malaputopu akale omwe timagula ogwiritsidwa kale ntchito ambiri sakwanitsa Windows 11 chifukwa imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Njira zilipo zitatu: kukhalabe pa Windows yakale yopanda zigamba zachitetezo uku mukulowetsa mafulashi a anthu odzadza ma virus, kugula makina ena, kapena kuika Linux, pulogalamu ya open source yoyendetsa kompyuta mmalo mwa Windows, yomwe ili ndi mitundu yambiri. Linux Mint ndi yomwe imafanana ndi Windows pa maonekedwe, mtundu wake wopepuka wa Xfce umadzutsa ngakhale laputopu ya RAM ya 4GB yomwe inkangolira fani. Ubuntu ndi yotchuka, anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004 ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timanena kuno, koma pa makina ofooka imalemerako. Kachilombo kaja kosandutsa mafoda a pa fulashi kukhala ma shortcut pa Linux sikagwira, kwa ine chimenecho chokha chinali chokwanira. Fayilo yoikira ndi yaikulu, pafupifupi 3GB, nde pezani wifi kapena kopelani kwa amene ali nayo kale, nzololedwa, sikuba.

Mmalo mwa Word ndi Excel zokhala ndi kiyi wakuba pali LibreOffice ndi OnlyOffice. LibreOffice ili ndi zambiri ndipo boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza mu 2024 kuti likusamutsira makompyuta pafupifupi 30,000 ku imeneyi, nde si chidole. Koma fayilo ya Word yokhala ndi matebulo ambiri nthawi zina imasokonekera mizere, apa OnlyOffice imasunga maonekedwe bwinoko. Kalata yofunsira ntchito muzitumiza ngati PDF basi, mkangano watha. Pomwe ndagonja ndi pa makadi a ukwati ndi mabanala, mapulogalamu a open source a Inkscape ndi GIMP amatha ntchitoyo koma makasitomala amabwera ndi mafayilo a CorelDRAW ndi Photoshop, komanso pulinta yanga ina yakale pa Linux imangosindikiza koma sikana yake siyiyenda. Nde laputopu imodzi ndinaisiyira Windows, siyilowa pa intaneti, ntchito yake ndi imeneyo.

Wina anandifunsa kuti nanga zonsezi nzachani poti simu khadi tinalembetsa kale ndi chiphaso, Airtel Money ndi Mpamba akudziwa ndalama iliyonse yomwe timatumiza. Funso labwino. Kusintha apu sikukubisani kwa kampani ya foni kapena kwa boma, zimenezo ndi za malamulo, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito mu 2024, oliyang'anira ndi a MACRA. Koma a MACRA mutha kuwapeza kuno nkukadandaula, pomwe akaunti ya kampani ya ku California ikatsekedwa mumangolemba mafomu osayankhidwa ndi munthu, bizinesi yonse ili mmenemo. Komanso pa za ndalamazi *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba zimagwira popanda apu ndi popanda Google, olo pa kafoni ka mabatani.

Mukabwera pa benchi ndi itel yanu nkunena kuti ndikonzereni, ndondomeko yanga imakhala iyi: tisinthe kaye pasiwedi ya Gmail ndi nambala yobwezeretsera, tiike PIN pa WhatsApp, tichotse ma apu otsuka foni ndi a ngongole za pompopompo omwe amapempha kuona manambala anu onse, kenako Brave, LocalSend ndi Organic Maps. Zimenezi ndi mphindi 30 ndipo palibe chomwe mwataya. Signal ndi Proton ndimaikira okhawo omwe afunsa okha ndipo ali ndi wina woti azilemberana naye. Linux ndimayamba ndakuonetsani pa fulashi osafufuta kanthu, mukaisewere kaye masiku awiri, makamaka muyese pulinta yanu ndi modemu musanandiuze kuti fufutani Windows.